Masilinda Awiri Amene Ndinkayesa Kuti Ndapha

Chaka chimene ndinasiya sukulu

Zainabu ndi Momade, ana anga, mwandivutitsa mokwanira kuti ndilembe za ntchito yanga, ndiye ndikulemba. Musayembekezere zokoma. Ine sukulu ndinalekezera kalasi yachinayi, mphunzitsi atandibweza katatu chifukwa chopanda nsapato, ndipo kachinayi sindinapitenso kuti akandibweze. Chinyanja ndimalemba, zikwangwani za pamsewu ndimawerenga, koma Chipwitikizi cha m'mabuku chimandiyang'ana ngati mlendo. Anthu a kuno ku Lulimile akandiona pakhonde dzuwa lili paliwombo amati Rashidi wapuma ntchito akadali mnyamata. Sakunama, imvi ndilibe. Anandipumitsa ndi maso. Adokotala anati lakumanzereli silionanso za m'mbali, ndipo sindinafune kuti ndiyambe ndagunda mwana wa munthu panjinga kuti ndiwakhulupirire.

Ntchito yanga yoyamba inali pa lole ya Che Omari, imene inkanyamula usipa wouma kuchokera kunyanja kukwera nawo ku Lichinga. Ankanditcha ajudanti, wothandizira dalaivala, koma ntchito yeniyeni inali kukhala kumbuyo ndi chimwala pamiyendo. Lole ikatopa pachitunda, ndinkadumpha n'kuponya mwalawo kuseri kwa tayala kuti tisabwerere kunyanja chafutambuyo. Che Omari sankaphunzitsa ndi pakamwa pokha. Ankanditseka maso ndi chikhatho chonunkha dizilo, injini ikulira, n'kundifunsa kuti, "Angati akugwira ntchito?" Ankanena masilinda, timiphika ta mu injini m'mene mafuta amapsera kuti galimoto iyende. Ndikalakwa, khofi. Patapita miyezi ndinkatha kumva silinda yodwala lole isanatulukire pakona. Lamulo lawo linali limodzi ndipo ndinalimeza lonse: "Silinda ikafa imodzi, anzake amasenza mtolo wake, kenako amafa onse. Ukamva imodzi yasiya, usapitirize ulendo. Ima."

Zaka za mapikapu

Nditapeza chiphaso choyendetsera, ndinalowa ntchito ku bungwe lina lokumba zitsime m'midzi. Mabwana ankasinthana ngati nyengo. Wina ankalankhula Chingerezi chokhachokha, wina anachokera ku Maputo ndipo mwezi wa Juni ankatikalipira ngati kuzizira kwa Lichinga tinachita kukuitanitsa ndife. Mafuta ankasowa kawirikawiri. Mabomba, malo omwetsera galimoto, ankatha kuuma sabata yathunthu, ndipo pamenepo ndi pamene anzanga ankanenepa. Pafupifupi aliyense anali ndi kapayipi pansi pa mpando. Ankayamwa dizilo m'thanki n'kukapereka kwa ogulitsa m'mabotolo m'mbali mwa msewu, n'kumati ameneyo ndi tiyi wa motolisita, ndiye kuti wa dalaivala.

Ine sindinayamwepo. Musandiyese woyera. Mabwana ndawatukwanapo, pantchito ndagonapo, tsiku lina ndinasiya mzungu pamudzi dala chifukwa anandilozera chala kumaso. Koma kapayipi ayi. Munthu wopanda pepala la sukulu ali ndi chinthu chimodzi chokha chokaonetsa pofuna ntchito, ndicho chimene anthu amanena akamva dzina lake. Bungwelo litatseka, anzanga a masatifiketi anatha miyezi akuzungulira tauni ndi maenvelopu m'khwapa. Ine sabata yachiwiri yokha anandiitana Dona Filomena a ku Sanjala, mayi wamasiye, woimba kwaya kutchalitchi, amene anali ndi sitolo ya mbewu ndi feteleza ndipo ankagulanso nyemba kwa alimi a ku Lione. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo n'kunena kuti, "Ndafunsa anthu atatu, onse akuti inu thanki simuigwira. Akutinso muli ndi pakamwa poipa." Ndinati, "Onse atatu anena zoona, Dona." Anati, "Pakamwa ndipirira. Mubwere Lolemba."

Anali bwana wabwino, ndisaname. Choipa chawo chinali mlongo wawo wamng'ono, Senyoro Abiliyu, kalaliki wa mu ofesi ina ya boma, amene akaweruka ankabwera kusitolo kudzalamulira zinthu zosakhala zake. Tsiku loyamba lomwe anandiitana kuti iwe, chonsecho ndinkamuposa zaka.

Chaka chimene Momade anayamba kuyenda

Zaka zinayi ndinayendetsa pikapu yakale ya Dona, ndipo ndinkaidziwa ngati chifuwa changa. Kenako anagula galimoto yatsopano, yaifupi, ya zitseko zinayi, ya mtundu umene amakwera anthu ovala jekete. Inabwera itakwezedwa pa lole kuchokera ku Nampula, mipando ikadali m'mapulasitiki. Sanjala yense anabwera kudzaiona, ena mpaka kuinunkhiza.

Ine ndinakhala pampando n'kuyamba kupapasa pansi pa chiwongolero, kufuna bowo la kiyi. Ndinapapasa mpaka Dona anati, "A Rashidi, mwataya chiyani?" Bowo kunalibe. Kiyi amakhala m'thumba, iwe n'kudina batani ngati ukuyatsa wailesi. Handibuleki nayo inali kabatani. Ukaika giya yobwerera m'mbuyo, kasikirini ka pakati kankaonetsa zonse za kumbuyo ndi mizere yachikasu, koma ine ndinkatulutsabe mutu pawindo, chifukwa khosi langa silinandinamizepo. Ukadutsa mzere woyera wa pamsewu, chiwongolero chinkanjenjemera m'manja ndipo galimoto inkalira kuti pi-pi-pi. Amene anaipanga sanaoneko njinga ya makala, sanaoneko dzenje, sanaoneko mbuzi. Kuno ukapanda kudutsa mzere umapha munthu, ndiye ulendo wonse ine ndi galimoto tinkangokalipirana. Pamphambano ya kumsika ndinaponda buleki, injini n'kuzima yokha. Ndinkaganiza kuti ndikankhitsa galimoto yatsopano pamaso pa anthu a shapa, maminibasi athu a kuno. Ndichotse phazi pa buleki, inadzuka yokha ngati palibe chachitika.

Choseketsa kwambiri chinachitika m'mawa wina wa Juni, nkhungu itaphimba mitengo ya paini. Tikuyenda, ndinayamba kumva kutentha pansi panga. Kunkakulirakulira. Ndinaganiza za matenda onse amene ndinawamvapo, kenako ndinaganiza kuti mwina ndadzichititsa manyazi osazindikira. Ndinayendetsa chete mpaka kusitolo, ndikutsika n'kuyamba kudzipapasa thalauza mobisa. Dona anandiona ndipo anaseka mpaka kugwira chitseko. Ndinali nditagunda ndi dzanja batani lotenthetsa mpando. Chimenecho pambuyo pake ndinachikonda, sindikana. Ndinakondanso kuti fumbi lofiira silinkalowa m'kati, ndi kuti paphula inkayenda mwakachetechete mpaka kumamva Dona akutsegula pepala la siwiti kumbuyo. Koma pamsewu wafumbi inkakhula mimba pamwala uliwonse, ndipo mwala uliwonse ndinkaumva m'mano mwanga.

Dona anandipatsa malamulo awiri. Anatulutsa buku lochindikala la Chipwitikizi m'kabokosi ka kutsogolo n'kunena kuti, "Zonse zili umu, muliwerenge." Ndinati, "Ndiwerenga, Dona." Zaka zinayi ndinali nditawabisira kuti buku lotere kwa ine ndi njerwa. Lachiwiri anati, "Gazolina wa m'mabotolo ayi. Ogulitsa anandichenjeza kuti injini iyi siifuna zonyansa. Mwamva?" Ndinati ndamva.

Nyengo yokolola nyemba, chaka chomwecho

Mabomba anaumanso. Pikapu inali ku garaja, ndiye Dona anandituma ndekha pa galimoto yatsopanoyo kukasiya matumba opanda kanthu ndi sikelo kwa alimi a ku Lione. Ndinawauza kuti mafuta ndi ochepa, iwo anati akwana, imamwa pang'ono. Akanakwana, koma ku Lione munthu sasiya matumba pamalo amodzi. Uyu akuti ndiperekezeni uko, uyo akuti sikelo ikufunika kuseri kwa phiri. Pobwerera kanyali ka mafuta kanayaka ndikadali kutali. Ndinaima pamene bambo wina anandandalika mabotolo pathebulo, ndinagula asanu, ndinawasefa ndi mpango wanga wa m'thumba, n'kuthira. Ndinati Dona sadziwa, galimoto silankhula.

Nditafika paphula ndinafuna kusintha wailesi, ndipo m'malo mwake ndinapotoza china. Pa kasikirini panabwera chithunzi chimene ndinali ndisanachionepo: timiphika tinayi tondandalikana, tonse towala. Ndinazindikira msanga kuti ndi masilinda, ndipo ndinakondwera kuti pomaliza galimoto iyi yandionetsa chinthu chimene ndikuchidziwa. Msewu unali wosalala, phazi lili phee pamoto, liwiro losasintha. Kenako timiphika tiwiri, ta kumapeto uku ndi uku, tinazima.

Ndinatchera khutu. Kusintha kunalipo, kochepa kwambiri, ngati pagulu la anthu oimba awiri atseka pakamwa. Wina sakanamva, ine ndinamva. Ndinapatukira m'mbali n'kuima. Nditadzutsanso injini, onse anayi anali owala. Ndinatsegula boneti, ndinangopeza chivundikiro chakuda cha pulasitiki, chopanda ngakhale waya woti munthu agwedeze. Ndinanyamuka, anayi. Liwiro litakhazikika, awiri. Ndiponde moto, anayi. Ndifewetse phazi, awiri. Ndinachita zimenezi mwina kakhumi pakati pa msewu, anthu a njinga akundiyang'ana. Mumtima ndinati: Rashidi, wapha galimoto ya mayi wamasiye ndi mafuta a m'botolo. Mabotolo ndinathira masana, masilinda anafa masana omwewo. Mukanakhala inu mukanaganiza chiyani?

Dona sindinawauze. Mawa lake, atalowa kukwaya, ndinathamangira kwa Che Mbwana, makanika wakale amene ofisina yake, malo okonzera galimoto, inali pansi pa mitengo ya bulugamu, munthu amene anaukitsa malole oti eniake anali atawalira kale. Anaika nsonga ya sikuludiraiva pa injini, chogwirira kukhutu, n'kutseka maso.

"Onse anayi ali moyo, mjomba," anatero. "Wabwera kudzandionetsa galimoto ya abwana ako basi?"

"Kwerani muone."

Anayala katoni pampando kuti asadetse, tinalowa mumsewu. Titafika posalala, awiri anazima. Che Mbwana anasendeza nkhope pafupi ndi kasikirini. "Wallahi, afa."

Ndinaponda moto.

"Auka!"

Ndinafewetsa phazi.

"Afanso. Iwe, taima, ndiione bwino."

Tinabwerera ku ofisina. Anachotsa chivundikiro chija n'kumasula mavela, amene ku Malawi amati mapulagi. Anali oyera ngati mano a mwana. Anawanunkhiza, anawayang'ana padzuwa, anawabwezera. Anakhala pa tayala n'kuyamba kukanda ndevu.

"Ine ndimachiza zodwala, ndipo zakufa ndimazidziwa," anatero. "Koma zofa n'kumauka, zofa n'kumauka, zimenezo kafunse abwana ako. Ndi a tchalitchi, nkhani zimenezo ndi zawo."

"Che Mbwana, sindinabwere kudzaseka. Ntchito yanga ili pamenepa."

"Ndiye tamvera. Ukaponda amadzuka, eti? Munthu wolumidwa ndi njoka sitimulola kugona, timamuyendetsa mpaka poizoni atatha mphamvu. Usawalole kugona. Mafuta oipawo akatha m'mitsempha, achira okha."

Zinandimvekera zanzeru. Mpaka lero ndikamaziganiza zimandimvekerabe zanzeru, ndipo chimenecho ndiye chimandikwiyitsa.

Miyezi iwiri yotsatira

Ndinafufuza mpaka ndinapeza njira. Ukakankhira ndodo ya giya pambali, galimoto inkakulola kusankha giya wekha. Ndikaigwira pa giya yotsika, injini ikulira pamwamba, timiphika tonse tinayi tinkakhala towala. Ndiye ndinkayendetsa choncho tsiku lililonse: ku Sanjala, kumsika, kutchalitchi, ku Lione. Dona akakwera ndinkaika wailesi pa kasikirini kuti asaone chithunzi, khutu langa lili pa injini. Akatsika ndinkabwezera chithunzicho, n'kuyesa kufewetsa phazi kuti ndione ngati odwala anga achira. Ankazimabe. Thanki yoyamba ya pa bomba inatha, yachiwiri, yachitatu, osasintha. Ndinkati poizoni wake ndi wamphamvu.

Tsiku lina Dona anachotsa foni kukhutu n'kufunsa kuti, "A Rashidi, bwanji ikulira chonchi masiku ano? Poyamba inali yachete."

"Ndi yatsopano, Dona, ikuzolowera mapiri a kuno."

"Aa, chabwino."

Bodza limenelo linandiwawa kuposa mabotolo. Ndinayesanso buku. Ndinalitsegula pakhonde pano, ndinapeza tsamba lokhala ndi chithunzi chomwecho cha timiphika, ndinayang'ana mawu a pansi pake mpaka maso kuwawa. Ndinatola liwu loti motor ndi liwu loti cilindro, ena onse anali mpanda. Ndikanatha kupita nalo kwa mphunzitsi aliyense wa m'dera lino, koma Lichinga ndi yaing'ono. Ukafunsa m'mawa ku Lulimile, masana Sanjala yamva kuti dalaivala wa Dona Filomena wawononga galimoto.

Chimene sindinachiganizire ndi thanki. Galimoto yoyenda pa giya yotsika imamwa ngati ng'ombe ya m'chilimwe. Kale tinkapita pa bomba kamodzi pa sabata, tsopano kawiri, nthawi zina katatu.

Lachinayi la kapayipi

Linali Lachinayi masana, pakhomo pa sitolo. Panali amuna onyamula matumba, panali alimi awiri odikira mbewu, panalinso mayi wina amene ankagulitsa nthochi pakhonde lathu tsiku lililonse. Senyoro Abiliyu anafika ndi jekete lake, sanapereke moni, anangotsegula chitseko cha dalaivala n'kuyamba kupisa dzanja pansi pa mpando.

"Mukufuna chiyani, Senyoro?" ndinafunsa.

"Kapayipi. Umakabisa kuti, iwe?"



"Galimoto iyi ogulitsa anati imamwa pang'ono kuposa pikapu," anapitiriza mokweza, akuyang'ana anthu osati ine. "Lero ikumwa kuposa thirakitala. Mafuta akupita kuti? Ndinawauza achemwali kuti mphaka ndi mphaka, ngakhale atavala kofia ya ku msikiti. Mbava iwe."

Ndikanamumenya. Dzanja linali litanyamuka kale. Chimene chinandigwira ndi nkhope ya Dona, ataima pachitseko cha sitolo. Sanamuletse mlongo wawoyo. Anangovula magalasi n'kunena motsitsa kuti, "A Rashidi, inenso ndaona kuti mafuta sakukhala. Pitani kunyumba. Mawa m'mawa mudzandiuze zoona, apo ayi mudzasiye kiyi pathebulo, tisiyane mwamtendere."

Ndinayenda wapansi mpaka ku Lulimile. Njira zinali ziwiri ndipo zonse zinali zonunkha. Ndikakhala chete, ndichoka ngati mbava, ndipo m'tauni muno palibe adzandipatsenso ngakhale wilibala. Ndikalankhula, ndiulula kuti ndinathira mafuta oletsedwa, ndinapha masilinda awiri, ndinatsegulitsa galimoto yatsopano pansi pa mtengo, ndinanama miyezi iwiri, ndiponso kuti buku sinditha kuwerenga. Pamenepo ntchito ithabe, n'kuwonjezera kusekedwa. Amayi anu ndinawapeza akusankha nyemba palichero, ndinawafotokozera zonse. Sanadzutse ngakhale mutu.

"Ndiye chimene mukuopa kwenikweni n'chiyani?" anafunsa.

"Adziwa kuti sindinaphunzire."

"Bambo a Zainabu, Lulimile yense amadziwa kuti simunaphunzire. Ine ndinakwatiwa nanu ndikudziwa. Chimene sitinamvepo ndi chakuti ndinu wakuba. Mukufuna tiyambe kumva chimenecho?"

Lachisanu m'mawa

Ndinafika pachipata cha Dona dzuwa litangotuluka. Senyoro Abiliyu analipo kale, atajomba ku ofesi kuti adzaonerere. Ndinati, "Dona, pakamwa pokha simundimvetsa. Kwerani, koma lero mukhale kutsogolo." Mlongo wawo anadziponya kumbuyo osaitanidwa.

Tinatuluka m'tauni kulowera njira ya ku Lione. Ndinaika chithunzi chija pa kasikirini, ndinabwezera giya m'malo mwake, ndinafewetsa phazi. Timiphika tiwiri tinazima.

"Mwaona? Awiriwo ndinawapha ndine."

Ndinaimika galimoto m'mbali mwa munda wa chimanga chouma ndipo ndinanena zonse, kuyambira mabotolo asanu, mpango, Che Mbwana, njoka, giya yotsika, mpaka bodza la mapiri. Ndinamaliza ndi buku. Ndinati, "Bukulo sindinawerenge, Dona, ndipo sindingathe. Sukulu ndinalekezera kalasi yachinayi. Mafuta anu sindinagulitse ngakhale dontho, ndinawawotcha ndekha podzutsa masilinda. Kiyi ndi uyu."

Dona sanalandire kiyi. Anatsegula kabokosi, anatulutsa buku, anavala magalasi. Ndinawasonyeza tsamba la chithunzi, poti ndinkalidziwa ngati khomo la kwathu. Anawerenga nthawi yaitali, milomo ikugwedera, chala chikuyenda pansi pa mizere. Anabwerera pamwamba n'kuwerenganso. Kenako anaika buku pamiyendo n'kuyang'ana kutsogolo.

"A Rashidi, apa akuti galimoto ikamayenda posalala, liwiro losasintha, imagoneka masilinda awiri kuti isunge mafuta. Mukafuna mphamvu imawadzutsa."

"Imawagoneka ndani?"

"Yokha. Dala."

"Dala?"

"Dala. Anaipanga choncho."

"Ndiye mabotolo aja?"

"Za mabotolo tikambirana, musaganize kuti ndaiwala. Koma apa sakukhudzidwa. Yakhala ikuchita zimenezi kuyambira tsiku limene inatsika pa lole, kungoti chithunzicho munali musanachitsegule."

Ndinakhala ngati andimenya ndi thumba la feteleza. Ndinati, "Nanga awiri otsalawo satopa? Akusenza mtolo wa anzawo."

Anayang'ananso m'buku. "Zimenezo sanalembe."

"Nanga bwanji amagona omwewomwewo? Osasinthana bwanji?"

"Sanalembenso."

"Ndiye munthu wagula masilinda anayi kuti awiri azigona pantchito, ndipo akuti zili bwino?"

"Akuti ndiye ubwino wake."

Sindinamvetse, ndipo ndisakunamizeni, mpaka lero sindimvetsa. Ndinayendetsa galimoto imeneyo zaka zina zitatu, ndinaona ndi maso anga kuti ukaisiya igone mafuta amakhaladi, koma nthawi iliyonse timiphika tija tikazima phazi langa linkayabwa.

Kumbuyo Senyoro Abiliyu anali atayamba kuseka. Anaseka mpaka kutsokomola, akumenya mpando wanga ndi chikhatho. "Miyezi iwiri! Miyezi iwiri kudzutsa ogona! Achemwali, ndinalakwitsa. Uyu si mbava ayi, ndi mbuli chabe."

Ndinatembenuka n'kumuyang'ana. "Zoona, Senyoro, ndine mbuli. Koma mbava munanditchulira pakhomo pa sitolo, pamaso pa anthu. Kuno kuli chimanga chokha. Tiyeni mukanditchule mbuli pomwe paja."

Kuseka kunatha. Anati zimenezo n'zachibwana, iye ali ndi ntchito ku ofesi. Dona anatseka buku n'kunena kuti, "Abiliyu, ofesi yako yadikira kuyambira m'mawa, idikirabe. A Rashidi, tembenuzani galimoto."

Pakhomo pa sitolo anthu anali omwe aja, kuwonjezapo ena amene anamva kuti lero dalaivala achotsedwa. Senyoro Abiliyu anatsika, anakonza jekete, n'kung'ung'udza zinthu zosamveka akuyang'ana nsapato zake. Mayi wa nthochi anati, "Sitikumva kuno, Senyoro." Pamenepo Dona anamukankhira pambali n'kulankhula okha, ndi mawu awo a kukwaya aja ofika mpaka tsidya la msewu.

"Tamverani nonse. A Rashidi sanabe mafuta anga. Galimotoyi imagoneka masilinda awiri dala, iwo samadziwa, ndiye amawadzutsa. Mafuta anathera pamenepo. Sanabe. Samadziwa chabe."

Onyamula matumba anaseka mpaka wina anakhala pansi. Mayi wa nthochi anandikodola n'kufunsa kuti, "Ndiye galimotoyo yachira, achimwene?"

"Sinadwale."

"Nanga miyezi iwiri yonseyi mumachiza chiyani?"

Ndinangobweza kiyi m'thumba n'kukatenga ndowa yotsukira galimoto, iwo akusekabe kumbuyo kwanga. Anaseka mwezi wathunthu, ndipo ena a iwo mpaka lero ndikadutsa amafunsa ngati odwala anga adzuka bwanji.

Choncho mukadzamva munthu ku Sanjala akunena kuti bambo anu anali mbuli, musakangane naye, musamutukwane. Dzina limenelo ndinachita kulipempha ndekha kuti alitchule pamaso pa anthu, ndipo silinabwere mophweka.